Scuba kwa ongoyamba kumene: kampani yabwino timaidziwa bwanji?

Nachisale_Namiwawa
Moni nonse. Ine ndi bambo akunyumba tikupita ku Zanzibar mu Disembala, tikakhala ku Nungwi. Iwo akhala akulakalaka zolowa pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya kumsana zija, scuba, moti andikopa nane. Tonse sitinayambe tachitapo. Iwo amasambira bwino poti anakulira ku Nkhotakota, koma ine ndimangotha kuyandama ndi kupalasa pang'ono mu swimming pool. Ndalembera makampani atatu pa WhatsApp. Yoyamba yanena mtengo wotsika kwambiri, akuti palibe vuto ngakhale osadziwa kusambira, akatinyamula pa boti m'mawa womwewo. Yachiwiri ndi yodula pafupifupi kawiri ndipo yanditumizira fomu ya zaumoyo yoti tiyankhe tisanalipire. Yachitatu ili zii mpaka pano. Inu amene munachitapo, mumayang'ana chiyani posankha? Madola akuvuta kupeza masiku ano, sindikufuna kuwataya, komanso ndili ndi ana awiri ondidikira kunyumba.

Chilomoni_Boy
Tengani yotchipayo achemwali. Nyanja ndi yomweyo, nsomba ndi zomwezo.

MayiPhiri_Soche
Ayi inu achimwene, munthu wanena kuti ali ndi ana. Izi si zogula tomato mu Limbe Market kuti ungosankha mulu wotchipa.

Mbuna_wa_Chembe
Mayi Nachisale, ine ndinagwirapo ntchito ya divemaster, wotsogolera anthu pansi pa madzi, ku Cape Maclear ndisanabwere kuno ku tauni, ndiye ndilongosole pang'ono.

Choyamba dziwani chimene mukugula, chifukwa pali zinthu ziwiri zosiyana. China ndi cholawa chabe cha tsiku limodzi, a PADI, bungwe lophunzitsa ndi kupereka masatifiketi a scuba, amachitcha Discover Scuba Diving. Simulandira satifiketi, simupitirira mamita 12, ndipo mphunzitsi sakusiyani ngakhale pang'ono. Chinacho ndi kosi yeniyeni, Open Water Diver, ya masiku atatu kapena anayi. Mumawerenga, mumayeserera m'madzi osaya magawo asanu, kenako mumalowa m'nyanja kanayi. Mukakhoza mumaloledwa kufika mamita 18, ndipo satifiketiyo imagwira ntchito kulikonse padziko. Pa kosi imeneyi pali mayeso osambira: mamita 200 osapumira pakhoma, kapena mamita 300 mutavala mask (galasi la kumaso), fins (zopalasira za kumapazi) ndi snorkel (kapaipi kopumira muli pamwamba pa madzi), kuphatikiza kuyandama mphindi 10.

Tsono amene anakuuzani kuti kusambira sikofunika sananame kwenikweni ngati akunena za tsiku limodzi zija, poti kumeneko kulibe mayeso osambira. Chimene chandidetsa nkhawa ndi mawu oti "tikakunyamulani pa boti m'mawa womwewo". Munthu woyamba kumene amayenera kuyamba wayeserera pamalo osaya, pamene angathe kuimirira mutu uli kunja. Aphunzire kuchotsa madzi mu mask ali pansi, kulavula regulator (chopumira cha m'kamwa cholumikizidwa ku silinda) n'kuyipezanso, ndi kutsegula makutu madzi akamawapanikiza potsika. Afunseni funso limodzi ili: tikayeserera kuti, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji, tisanapite kwakuya? Mmene ayankhire mudziwa zambiri.

Nachisale_Namiwawa
Zikomo kwambiri achimwene. Nanga fomu ya zaumoyoyi si njira yongodzitetezera iwo eni kuti zikavuta asaimbidwe mlandu?

Namwino_Sunnyside
Imawateteza, inde, koma woyamba kutetezedwa ndi inu. Fomu imeneyo imafunsa za mphumu, matenda a mtima, khunyu, shuga, mavuto a makutu, ma opaleshoni a posachedwa, komanso ngati muli oyembekezera. Mukayankha kuti inde pa mafunso ena, mumayenera kupita kwa dokotala kuti akuyezeni n'kusainira. Ndikupemphani, musabise kanthu pofuna kuti musabwezedwe. Munthu wa mphumu njira za mpweya zikafinyika ali pansi, mpweya umatsekeredwa m'mapapo ndipo pokwera umafufuma. Woyembekezera sayenera kulowa n'komwe. Kampani imene sikufunsa zimenezi ine sindingaipatse m'bale wanga.

Chilomoni_Boy
Koma asodzi aku Msaka ndi ku Makanjira amalowa pansi kukakonza makoka opanda fomu iliyonse, bwanji sizimawavuta?

Mbuna_wa_Chembe
Funso labwino limenelo. Msodzi amatenga mpweya pamwamba, n'kutsika nawo, n'kubwera nawo womwewo. Umaphwa akamatsika, umabwerera mwakale akamakwera, palibe chowonjezeka. Wa scuba amapuma mpweya wa m'silinda ali pansi pomwepo. Pa mamita 10 madzi amapanikiza thupi kawiri kuposa pamtunda, ndiye mpweya umene wadzaza m'mapapo pamenepo umafufuma kawiri akafika pamwamba. Ukagwira mpweya uku ukukwera, mapapo amatha kung'ambika ngakhale m'madzi osazama kwenikweni. N'chifukwa chake lamulo loyamba la scuba ndi lakuti usasiye kupuma. Mphunzitsi wabwino amalibwereza mpaka mutatopa nalo.

Kabula_Hill
Ine maganizo anga ndi achidule. Onani ngati ali ndi chizindikiro cha PADI basi. Akakhala nacho ndiye kuti ali bwino.

AuntieChigumula
Chizindikiro aliyense angathe kusindikiza, bambo. Ine ndinaziona ndi maso ku Mozambique, chigawo cha Inhambane. Pakhomo mbendera yaikulu, ma T-shirt okongola, koma pa boti tinali ongoyamba kumene ambirimbiri ndi mphunzitsi mmodzi, wothandizira wake anali mnyamata woyendetsa boti yemweyo. Malangizo anatipatsa injini ikulira, theka la mawu osamveka. Nditaika regulator m'kamwa ndinamva kafungo ka mafuta. Ndinamuuza, iye akuti ndi mmene imakhalira. Ndinakana kulowa, ndinatsala m'boti. Anzanga awiri anatuluka mutu ukuwawa koopsa, wina mpaka kusanza. Ndalama sanandibwezere, ndipo mtima umandipwetekabe chifukwa ulendo umenewo ndinausungira ndalama nthawi yaitali.

Mbuna_wa_Chembe
Anti munachita bwino kukana. Mpweya wa m'silinda suyenera kukhala ndi fungo kapena kakomedwe kalikonse. Ukanunkha mafuta ndiye kuti kompresa yodzazira mpweya m'masilinda sikusamalidwa, kapena paipi yake yokokera mpweya ili pafupi ndi utsi wa jenereta. Utsi umenewo uli ndi poizoni wotchedwa carbon monoxide, ndipo pansi pa madzi amapweteka kwambiri kuposa pamtunda.

A Kabula_Hill, chizindikiro n'chofunika koma sichikwanira. Mphunzitsi aliyense wa PADI ali ndi nambala yake, ndipo pa webusaiti yawo pali poonera ngati nambalayo ili yololedwa kuphunzitsa chaka chino, amati Pro Chek. Pemphani dzina ndi nambala ya amene akakuphunzitseni. Wolongosoka amapereka mosavuta. Komanso PADI si yokha. SSI, NAUI ndi CMAS ndi mabungwe odziwika, satifiketi zawo zimalandiridwa bwinobwino. Za chiwerengero, pa zolawa za tsiku limodzi zija mphunzitsi mmodzi sayenera kupitirira anthu anayi m'nyanja ngati alibe womuthandiza wovomerezeka. Kwa munthu amene madzi sanawazolowere ngati mayi Nachisale, ine ndingapemphe kuti akhale awiri okha ndi amuna awo, ngakhale atawonjezera ndalama.

Kabula_Hill
Chabwino, za nambalazo sindimazidziwa. Komabe pakati pa amene ali ndi chizindikiro ndi amene alibiretu, ine ndipita kwa amene ali nacho.

Mphwanga_wa_Mangochi
Koma abale, n'chifukwa chiyani tikuthamangira kwa eni ake pamene nyanja tili nayo pakhomo? Kuchoka mu Blantyre m'mawa kudzera ku Zomba ndi Liwonde, masana muli ku Cape Maclear. Azungu amachoka kutali kudzaphunzirira scuba kuno, ku Cape ndi ku Nkhata Bay, chifukwa madzi ndi opanda mchere, mulibe shaki, mulibe mafunde okwera ndi kuphwa ngati kunyanja yamchere. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a World Heritage chifukwa cha nsomba zomwezi. Palibe nyanja ina yopanda mchere padziko imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka ngati yathuyi. Pitani pa Thumbi kapena pa Otter Point mukaone mbuna zabuluu ndi zachikasu zikudya ndere pamiyala, zikubwera mpaka pagalasi la mask. Ndinaonapo yaikazi italavula tiana take m'kamwa, titabalalika pang'ono, ndipo nditangoyandikira tonse tinathamangira m'kamwa mwa make momwemo. Pamchenga pali zisa zozungulira zimene nsomba zazimuna zimakumba pokopa zazikazi. Mayi, phunzirani kwanu kuno mu Okutobala, ku Zanzibar mukapite muli ndi satifiketi kale.

Ndirande_Finest
Nanga likodzo? Nanga ng'ona? Inu mukufuna mayiwa akadyedwe.

Mphwanga_wa_Mangochi
Ng'ona zimakonda kumathiriro a mitsinje ndi m'mabango, monga kumene Shire amatulukira. Malo amene amalowetsako anthu ndi a miyala, kuzilumba, ndipo eni malowo amadziwa koyenera ndi kosayenera.

Namwino_Sunnyside
Likodzo lilipodi, tisabise, makamaka m'mbali mwa gombe la mudzi wa Chembe kumene anthu amachapa ndi kusamba. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi ndipo timalowera pakhungu. Koma lili ndi mankhwala, praziquantel. Chimene anthu amalakwitsa ndi kumwa tsiku lomwe abwera kunyanja. Nthawi imeneyo tizilomboto timakhala tisanakhwime ndipo mankhwala satigwira bwino. Dikirani papite miyezi iwiri kapena itatu, mukayezetse, akupatseni mlingo wolingana ndi kulemera kwa thupi lanu.

Ndirande_Finest
Ine ndiye ayi. Nyanja ndimaionera pagombe, chambo chili pambale.

Chilomoni_Boy
Za chambo mwanenazi, mtengo wake pa Mangochi pano ndi wosayamba. Ulendo wapitawu tinangogula usipa ndi utaka.

MayiPhiri_Soche
Ndipo mafuta a galimoto muwerengerenso. Ngati kuli mizere pa filling station, dzazani thanki mu tauni momwe muno musananyamuke, musadalire za kutsogolo.

Zingwangwa_Rasta
Msewu wochoka pa mphambano ya Monkey Bay kulowa ku Cape uja uli bwanji masiku ano? Kagalimoto kakang'ono kangafike?

Mphwanga_wa_Mangochi
Kamafika, kungoti pamapiri paja muziyenda pang'onopang'ono, pali makona ndi anyani.

Nachisale_Namiwawa
Abale tabwererani kuno kaye. Maganizo ophunzirira kunyanja kwathu andigwira mtima. Koma masiku anayi onse ku Cape, kenako sabata ku Zanzibar, tchuthi kuntchito sichingakwane. Palibe njira yapakati?

Dada_wa_NkhataBay
Ilipo mama. Zowerenga mukhoza kuchita pa intaneti muli kunyumba kwanu, madzulo mukaweruka. Zoyeserera m'madzi osaya mukachite kunyanja Loweruka ndi Lamlungu. Mphunzitsi amakulemberani pepala lotchedwa referral, losonyeza zimene mwamaliza, ndipo limagwira ntchito miyezi 12. Mukafika ku Nungwi mumangopereka pepalalo n'kumaliza maulendo anayi a m'nyanja m'masiku awiri. Muyambe mwafunsa kampani ya ku Zanzibar ngati imalandira referral ndi mtengo wake, kuti musakadabwe.

Dziwaninso kuti madzi amchere amayandamitsa munthu kwambiri kuposa athu, ndiye kumeneko akakuwonjezerani zitsulo za m'chiuno. Mphunzitsi wosamala amayamba wakuyesani pamwamba kuti aone ngati zitsulozo zakwana. Waulesi amangokupachikani zambiri kuti mutsike msanga asavutike nanu, ndipo mumathera mpweya polimbana ndi kulemera. Nyengonso muiganizire. Juni mpaka Ogasiti mwera umavutitsa, nyanja imachita mafunde ndipo kumazizira. Seputembala mpaka Novembala madzi amakhala bata ndi oyera, mvula isanabweretse matope a m'mitsinje.

Kabula_Hill
Ine sindikugwirizana nazo zogawa kosi pawiri. Aphunzitsi awiri, zipangizo zosiyana, munthu wamantha amasokonezeka. Bwanji angolawa tsiku limodzi ku Cape, akazikonda akachite kosi yonse malo amodzi?

Dada_wa_NkhataBay
Nazonso n'zomveka bambo. Kwa munthu amene sanatsimikize ngati azikonda, kulawa kaye n'kwanzeru. Ine ndimaganizira za masiku a tchuthi amene adandaula aja.

Mbuna_wa_Chembe
Pali chinthu china chimene anthu a ku Blantyre timaiwala. Mukamapuma mpweya wopanikizika pansi, nitrogen imalowa m'magazi ndi m'minofu, ndipo imafuna nthawi kuti ituluke. Zili ngati botolo la Fanta: mukatsegula pang'onopang'ono limangoti psii, mukatsegula mwachangu thovu limasefukira. N'chifukwa chake timakwera modekha n'kuima mphindi 3 pa mamita 5. N'chifukwa chakenso simukwera ndege mutangotuluka m'madzi. Malangizo a DAN, bungwe loona za chitetezo cha anthu a scuba, ndi akuti mudikire maola osachepera 12 ngati mwalowa kamodzi, ndi maola osachepera 18 ngati mwalowa kangapo kapena masiku otsatizana. Ambiri amangodikira tsiku lathunthu. Ndiye ku Zanzibar tsiku lomaliza likhale loyenda mu Stone Town, osati la scuba.

Za kuno kwathu, nyanja yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kulikonse kopitirira mamita 300 kumawerengedwa kuti ndi kokwera, kompyuta ya pamkono, yowerengera kuya ndi nthawi imene mungakhale pansi, iyenera kudziwa zimenezo. Blantyre ali pa mamita pafupifupi 1,000. Amene amakwera chitunda cha Golomoti kupita ku Dedza amapitirira mamita 1,500, ndipo wochoka ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu nayenso amakwera kwambiri m'nthawi yochepa. Musatuluke m'madzi masana a Lamlungu n'kuliza galimoto nthawi yomweyo. Funsani mphunzitsi kuti mudikire maola angati malinga ndi mmene mwalowera. Akakuyang'anani modabwa, amenewo si oti akuphunzitseni.

Zingwangwa_Rasta
Iii, izi ndiye sindinamvepo. Anthu amangotuluka m'madzi n'kuthamangira kuntchito Lolemba.

Nachisale_Namiwawa
Ndawerenga fomu ija bwinobwino tsopano. Bambo akunyumba amamwa mankhwala a BP ndipo apitirira zaka 45. Ndiye kuti basi zawakanika?

Namwino_Sunnyside
Ayi mayi, sizinakanike. Anthu ambiri a BP yoyendetsedwa bwino amachita scuba. Koma apite ndi fomuyo kwa dokotala wawo kuno konkuno, musananyamuke, awayeze mtima n'kusainira. Musadikire kukafufuza dokotala ku Nungwi m'mawa wa tsikulo. Mutchulenso mankhwala ena alionse amene mukumwa. Ndipo wina akadzuka ndi chimfine, mphuno zitatsekeka, tsiku limenelo asalowe. Makutu satseguka, ndipo kukakamiza kumatha kuboola nembanemba ya m'khutu.

AuntieChigumula
Muwafunsenso zoti mukadwala chimfine kapena nyanja ikakwiya, ndalama amabweza kapena amasuntha tsiku. Akulembereni pa WhatsApp pomwepo kuti mukhale ndi umboni. Safunsa anadya phula.

Mwana_wa_Bangwe
Pepani ndilowerere ndi funso la azimayi. Tsitsi mumatani? Ine ndili ndi mesh yaitali.

MayiPhiri_Soche
Lukani mizere yopita kumbuyo achemwali, yosakhuthala. Lamba wa mask amadutsa kumbuyo kwa mutu, ndiye mfundo yaikulu pamenepo imamukankha ndipo madzi amalowa. Wigi isiyeni ku hotela. Mukatuluka tsukani ndi madzi abwino chifukwa mchere umauma m'mizere n'kumayabwa.

Dada_wa_NkhataBay
Kwa abambo vuto ndi ndevu za pamlomo wapamwamba, zimalowetsa madzi pansi pa mphuno. Kumeta pang'ono pamenepo kumathandiza.

Mbuna_wa_Chembe
Mukafika pamalopo, tsiku loti mawa mulowa, pitani mukaone ndi maso. Pemphani akuonetseni zipangizo. Pakhosi pa silinda pamakhala podinda mwezi ndi chaka chimene inayesedwa komaliza, ndipo pamakhalanso sitika yosonyeza kuti anaiona m'kati. Yang'anani mapaipi a regulator ngati alibe ming'alu, ndi kachidutswa koluma m'kamwa ngati sikanadukeduke. Silinda yodzaza imasonyeza pafupifupi 200 bar pa geji yoyezera mpweya, ndipo mumayenera kutuluka musanatsike pa 50. Pa boti funsani kuti botolo la oxygen la ngozi lili kuti, akulozereni, osangoti lilipo. Funsani kuti munthu akapweteka amamutengera kuti, ndipo chamber yapafupi, chipinda chachipatala chopanikiza mpweya chothandizira amene nitrogen yawavulaza, ili kuti. Ngati muli ndi inshuwaransi ya ulendo, werengani ngati ikuphatikiza scuba, chifukwa zambiri zimaichotsa. Mvetseraninso mmene mphunzitsi akuyankhulira nanu. Mukamuuza kuti muli ndi mantha n'kukusekani, kapena n'kumayankha amuna anu okha inu muli pompo, pitani kwina. Pansi pa madzi simungayankhule, mumadalira kuti munthuyo azikuyang'anani m'maso pafupipafupi.

Chilomoni_Boy
Ndiye ukafuna kunena kuti zili bwino umangokweza chala chachikulu?

Dada_wa_NkhataBay
Ayi achimwene, chala chachikulu m'mwamba chimatanthauza kuti tikwere, tithetse. Zili bwino ndi kupanga kabwalo ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala. Pali vuto ndi kutambasula dzanja n'kuligwedeza uku ndi uku, kenako kuloza pamene pavuta, kaya ndi khutu. Ndipo aliyense ali ndi ufulu wothetsa nthawi iliyonse popanda kufunsidwa chifukwa.

Nachisale_Namiwawa
Ndabwera ndi zimene ayankha. Ndinatumiza mafunso omwewo kwa onse. Otchipa aja akuti zoyeserera timachitira pa boti popita, ndipo za nambala ya mphunzitsi sanayankhe, angonditumizira zithunzi za akamba a m'madzi ndi akaunti yoti ndilipire theka lero. Odula aja atumiza dzina ndi nambala, ndaiona pa webusaiti ndipo ilipo. Akuti m'mawa wonse timakhala pamalo osaya, kunyanja timapita masana, anthu awiri kwa mphunzitsi mmodzi, ndipo referral amalandira. Achitatu ayankha lero, akuoneka olongosoka koma mu Disembala adzaza. Tagwirizana ndi bambo kuti tiyambe talawa ku Cape Maclear mu Okutobala monga ananenera a Kabula_Hill, tikazikonda tichite za referral. Panopa ndikufuna kulimbitsa kusambira. Alipo akudziwa mphunzitsi wa akuluakulu muno mu Blantyre, makamaka wamkazi, woti azindiphunzitsa Loweruka m'mawa?

MayiPhiri_Soche
Alipo amene anaphunzitsa ana anga ndipo amatenganso akuluakulu. Ndikutumizirani nambala ku inbox.

Mwana_wa_Bangwe
Nanenso munditumizire mayi Phiri. Mayi Nachisale, ngati n'kotheka tizipitira limodzi, mwina mtengo angatichotsereko.

Dada_wa_NkhataBay
Mukayamba, muwauze kuti cholinga ndi mamita 200 osaima ndi mphindi 10 zoyandama. Liwiro silikuwerengedwa, mtundu wa kasambiridwe ndi uliwonse, ngakhale chagada. Mugulenso mask yanuyanu yokukwanani kumaso, muziyeserera nayo mu pool momwemo kulowetsa madzi pang'ono n'kuwatulutsa ndi mphuno, poti ambiri amene amathawa tsiku loyamba chimawathawitsa ndi chimenechi.

Mphwanga_wa_Mangochi
Ku Cape musungitse malo ogona msanga ngati mukupita sabata ya Mothers' Day, 15 Okutobala kumadzaza anthu.